Magazi a Abisai

Abisai Makaiko anabadwira ku Penhalonga, bambo ake, Mnyasa wobwera kudzafuna ntchito, ali mumgodi, koma ukulu wake wonse unathera m'kachipinda ka thiransifoma ya magetsi pa fakitale ina ya matabwa mu Mutare. Ntchito yake inali kupukuta, kuyang'ana mafuta ndi kumvetsera kulira kwa chimakinacho. Abwana, posafuna kuti azitalikira, anamupatsa nyumba yogundana khoma ndi chipindacho. Abisai ankati ndi mwayi, poti m'nyengo yozizira khomalo linkafunda. Bedi analikankhira komweko.

Mkazi wake Dainess anapita padera kawiri. Mwana wachitatu anabadwa wofooka, sanakhalitse. Ndiye monga mwa chizolowezi chathu choipa chija, zala zonse zinaloza mkazi.

Ufulu wa dziko utangobwera, pafakitalepo panafika mayi wina wofufuza za matenda, atanyamula majakisoni ndi timabotolo. Ankafuna magazi a anthu okhala pafupi ndi magetsi amphamvu, kuti aone ngati mphamvu yosaoneka yochokera m'mawaya imawononga zimene kholo limapatsira mwana wobadwa. Anafotokoza m'Chingerezi, kapitawo n'kumasulira m'Chishona mothamanga. Za Chinyanja palibe anaganizako, chonsecho wogona khoma limodzi ndi chimakinacho anali Mnyasa.

Dainess anatolako zokwanira. Anapempha mwamuna wake motsitsa mawu: "Bambo, pitani akakuyezeni. Mwina vuto si ine."

Koma nkhani ili ndi miyendo. Amalume ake a Abisai, a Fanuel, amene analinso nkhoswe ya banjalo, anatulukira thukuta lili kamukamu.

"Mphwanga," anatero, "kwathu anthu otunga magazi m'mabotolo timawadziwa. Ndi anamapopa amenewo. Ukapereka dzanja, pamaliro ako ine sindibwera. Vuto lili m'mimba mwa mkaziyu, basi."

Abisai, munthu wosaopa waya wamoto, anaopa amalume. Anakabisala kuseri kwa milu ya matabwa mpaka galimoto ya mayi uja itatuluka pageti. Zimapsetsa mtima: bambo wandevu zake kuthawa kajakisoni, n'kusiya mkazi asenze yekha mlandu wa maliro atatu.

Chaka chisanathe, a Fanuel anamubweza Dainess kwa makolo ake ndi kasutikesi kamodzi. Kenako anamupezera Abisai mkazi wina, Elina. Bedi lomwelo, khoma lomwelo. Elina nayenso anapita padera, ndipo ulendo uno amalume anangoyamba kudwala mwendo wosawalola kukwera basi.

Kaya anali magetsi, kaya china cha m'thupi mwa Abisai, palibe angalumbire. Amene akanayesa kufufuza uja, Abisai anamuthawa.

Dainess anakwatiwa ndi wosoka nsapato. Tsiku lina Abisai anakumana naye pamsika, mwana wonenepa ali kumsana, wina akumukoka chitenje. Anafuna kupatuka, koma mayiyo anali atamuona kale. Anamupatsa moni waulemu, n'kufunsa za Elina. Kenako anakonza mwana kumsana, osakweza mawu.

"Nanga magazi anu aja, bambo, munawasunga bwino?"