Chotupa cha Kalulu wa Malemu

Amuna anga anandisiyira nyumba yodontha, njinga yopanda tcheni, ndi kalulu mmodzi woyera wa khutu lakuda. Anzake tinadya kalekale, koma uyu ankamukaniza mpeni. Ankamuika pamiyendo pakhonde n'kumamudyetsa chisoso tsamba limodzilimodzi, ine ndikulalata kuti munthu wamkulumkulu, mkulu wa mpingo, akulera ndiwo ngati mwana. Iwo ankangoseka. Atamwalira, woyamba kudzukira kukhola ndinali ine, wolalata uja.

Tsiku lina pomusisita ndinapeza chotupa pansi pa chibwano, cholimba, chaching'ono ngati mtedza. Matenda a amuna anga anayambanso chomwecho, kachotupa pakhosi kamene ankakabisa ndi kolala ya malaya. Pomwe tinkafika kuchipatala, anatiuza kuti tachedwa.

Ndiye ulendo uno sindinafune kuchedwa. Ndinamuika m'dengu, ulendo wa ku Songani kwa mlangizi wa ziweto. Kondakitala wa minibasi anasuzumira m'dengumo n'kuti, "Amayi, masiku ano ndiwo zikumapitanso kuchipatala?" Anthu anaseka, ine ndinamuuza kuti asamale chitseko chake chomanga ndi chingwecho. Mlangizi anang'amba chotupacho, mukutuluka mafinya olimba ngati phala lozizira. Anati ndizitsuka balalo ndi madzi amchere, koma sanandinamize: zotupa za akalulu zikazika mizu mu nsagwada, kawirikawiri zimabwereranso.

Chinabwereradi, chachikulu kuposa poyamba. Kaluluyo anasiya kudya gaga, kenako kholowa. Ankangokhala pakona ya khola, dovu likutsika, akukukuta mano.

Kwathu kuno ku Domasi chiweto chikadwala sitidikira kuti chife chokha, timachizinga nyama isawonongeke. Ndipo Akhristufe sitizinga tokha. Timapita nacho kwa mnansi wachisilamu, kuti aliyense wofika pakhomo adye ndi mtima umodzi. Ife ankatizingira bambo ena a tsidya la mtsinje, anzawo a amuna anga kuyambira ubwana, amene ndimawatchula kuti alamu. Mbuzi ya pamaliro anazinganso ndi iwowo.

Mng'ono wanga atamuona kaluluyo anati, "Achemwali, pitani naye kwa alamu anu akadali ndi kamnofu." Ndinamunyoza mpaka ananyamuka osatsanzika. Mnofu, ati! Koma m'mawa mwake ndinamupatsa kaluluyo tsamba la chisoso, iye analinunkhiza, anayesa kuligwira ndi kamwa, linagwa. Anayesanso, linagwanso. Ndinakumbukira amuna anga akuyang'ana supuni ya phala, akuifuna, koma khosi likukana. Iwo ndinalibe chowachitira. Uyu chomuchitira chinalipo, ndipo chinandiwawa kwambiri kuti chinali chimenechi.

Ndinawapeza alamu akumanga mitolo ya mpiru yopita kumsika. Anavundukula dengu, anaona khutu lakuda lija.

"Uyu si wa achimwene uyu?"

"Ndi yemweyo, alamu. Akuvutika."

"Siyani dengu, mayi. Pitani kunyumba, ndibweretsa ndekha."

Mwa masiku onse ndinkaima pompo kudikira nyama yanga. Tsikulo ndinamvera, ndinawoloka mtsinje osacheuka.

Dzuwa litapendeka anafika pakhomo ndi dengu lotsukatsuka, mulibe kanthu. Ndinafunsa za nyama, poti mwambo ndi mwambo, wozinga amabweza kwa mwini.

"Sanavutike," anatero. "Ndamukwirira pansi pa mango. Achimwene anandiuza kale kuti ameneyu si ndiwo."

Anakhala pang'ono pakhonde, pamalo pomwe mnzawo ankakhala, kenako anatsanzika. Ine ndinalowa m'nyumba ndi dengu lija, ndinamasula chitenje, chisoso chimene ndinathyola pochokera kumtsinje chinagwera pansi. Sindikudziwa kuti ndinkathyolera ndani. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, kulira kumene pamaliro ndinalephera chifukwa chotanganidwa ndi alendo.