Tsiku Limene Tinavinira Boti ndi Mimbulu

Anandilowetsa m'zimenezi ndi mnzanga wa ku wodi, namwino wachizungu wobadwira muno mu Birmingham. Bambo anga atamwalira ku Dedza, iye anatenga mashifiti anga, kenako anabwera kwathu ku Small Heath n'kukhala pakapeti ndi azimayi tsiku lonse, miyendo itachita dzanzi, nyimbo osazimva. Munthu wotero akakupempha kanthu, sukana.

Anandipempha kuti ndipite ku mwambo wa bungwe lawo losamalira maboti akale a m'ngalande za mumzinda, aja aatali, opyapyala, omwe ankanyamula malasha. Limodzi linali la malemu bambo ake, ndipo dzimbiri linali litalidya kunsi. Anandiuza mosabisa kuti zopereka zikapanda kuyenda bwino tsikulo, botilo alivuula n'kuligulitsa kwa odula zitsulo. Kenako anawonjezera, ngati nkhani yaing'ono, kuti bungwelo limatetezanso mimbulu ya m'gombe la nyanja yamchere, kudziko lina lozizira kuposa kuno.

Nkhaniyi ndinaitula kwa azimayi a kutchalitchi kwathu. Za boti anamva bwinobwino. Zinavuta pa mimbulu, poti ife mmbulu timaudziwira pa ulaliki, ukugwira nkhosa.

"Mayi, mwati titeteze chiyani?" anafunsa amayi atcheya, atatsitsa magalasi. "Abusa akutichenjeza sabata ndi sabata, inu mukuti tiziisapota?"

"Si imeneyo, amayi. Iyi ndi ya kunyanja, imadya nsomba."

"Yatembenuka mtima liti?"

Ine mtima wanga suchedwa kupsa. Ndinawafunsa ngati aiwala amene anakhala nawo pakapeti paja. Kenako amayi atcheya anati, "Basi, tipita. Koma za mimbuluzo akaweruza ndi Mulungu."

Loweruka lake tinatsika basi titavala chitenje chofanana, nsapato zazitali kuphazi, beseni la mandasi ndi wailesi m'manja. Tinapeza kamvula kowaza, nkhalamba zingapo zitavala majekete a mvula, tiyi, ndi kachitini patebulo. Munthu ankafika, kuponyamo kakobiri mwakachetechete ngati akuba, n'kuchokapo. Mnzanga ankamwetulira, koma maso ali pa boti la bambo ake. Ndinamumvera chisoni kwambiri.

"Function yake ndi imeneyi?" anandinong'oneza amayi atcheya. "Nanga MC ali kuti?"

Nditati kulibe, anakhuthulira mandasi patebulo, anakwera m'boti lomwelo ndi beseni lija, n'kuyatsa wailesi. Kwathu chopereka sichiyenda mobisa: amaitana gulu ndi gulu, mumalowa mukuvina, mukuponya pang'onopang'ono kuti nyimbo ikukomereni.

"Onse a night shift, bwerani! Onse opanda ma day off, musabisale!"

Tinaiwala zinthu ziwiri. Choyamba, kwathu timaponya mapepala, pomwe kuno ndalama zing'onozing'ono ndi makobiri olemera. Ankagunda beseni, kudumpha, ena chubwi m'madzi, mpaka mkulu wina wa ndevu anayamba kuwawakha ndi chipewa. Chachiwiri, boti si bwalo. Tonse tinakwera n'kukhamukira mbali imodzi, ilo n'kupendekeka. Ine wa kumapiri, amene madzi ndimawakhulupirira akakhala m'ndowa basi, ndinakumbatira chumuni n'kuyamba kuitana mayi anga. Anzanga ankayesa ndi sitepe yatsopano.

Phokosolo linaimitsa anthu pamlatho. Anatsika, ena ndi ana, ena ndi agalu, ndipo amayi atcheya sanawasiye.

"Onse a ndevu! Onse obwera ndi galu!"

Azungu ankavina moumirira mawondo, koma ankaponya. Ndiye panafika poitana oponyera mimbulu. Azimayi athu onse anayang'ana kumbali. Amayi atcheya anausa moyo, anapatsira mnzawo beseni, nalowa okha, maso ali chitsinzinire, milomo ikupemphera, dzanja likuponya.

Nyimbo zitatha, mkulu wa ndevu uja, yemwe anali wa bungwelo, anawerenga ndalama n'kunong'oneza mnzanga kuti botilo likonzedwa, silipita kwa odula zitsulo. Mnzangayo anangondigwira dzanja.

Pagombe panali mayi ake a mnzangayo, okalamba kwambiri, pa njinga ya odwala, bulangete m'miyendo. Tsiku lonse sanaseke kapena kuyankhula, ndipo ine ndinali ndi mantha kuti tawanyozera boti la amuna awo. Anakodola mwana wawo n'kunena kuti akufuna kukwera. Kunyamula munthu ndiye ntchito yathu ife osamalira odwala, moti tinawakweza bwinobwino n'kuwakhazika pafupi ndi chiwongolero. Anachisisita nthawi yaitali, misozi ikutsika. Ife tinaima duu, kuopa ngakhale kutsokomola.

Kenako anatiyang'ana mokalipa.

"Mwaimiranji?" anatero m'Chingerezi chawo cha m'ngalande. "Chimwalirireni mwamuna wanga, botili silinagwedezekepo. Ligwedezeninso."