Tsiku limene bambo anafunafuna chigafa ku Glasgow

Bambo anabwera ku Glasgow kamodzi kokha, ndipo sabata yoyamba sanayamikire kanthu. Nyumba yanga ya ku Govan anati ndi khola la nkhunda. Mwana wamwamuna ndinali ndekha, ndiye zoti ndinasiya munda wathu wa fodya ku Kasungu sanandikhululukire. Zinkandiwawa. Ndinkangofuna atanena kamodzi kuti sindinalakwe.

Loweruka ndinati, "Bambo, lero tikaone nyumba za fodya." Koma ndiye anachangamuka! Pomwe ndinkatuluka kubafa n'kuti atavala kale jekete ndi chipewa.

Tinakwera sitima yapansi, kenaka wapansi mpaka msewu wa Virginia. Ndinawafotokozera kuti Amereka asanamenye nkhondo yofuna kudzilamulira, fodya wake ankabwera kuno pa zombo, ndipo amalonda ake ndiwo anamanga zinyumba zamiyalazi. Ndinkalongolola ngati ndinaliko. Iwo ankangosuzumira kuseri kwa nyumba iliyonse.

"Nanga chigafa chili kuti?"

"Kulibe chigafa, bambo. Fodyayo ankalimidwa kutsidya kwa nyanja."

"Ankasoka ndani?"

"Akapolo."

"Nyumba zawo zili mbali iti?"

Ndinayang'ana uku ndi uku mumsewumo. Bambo anagwira khoma ndi zala zawo zakuda ndi fodya zija, zimene sopo anazilephera kalekale. Kenaka anavula chipewa n'kunjuta pomwepo, monga timachitira kwathu maliro akamadutsa. Mvula ikuwaza, anthu akutilambalala. Ine manyazi! "Bambo, dzukani, anthu akutiona." Anangokhala ngati sanamve.

Atadzuka anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kumasisita chikhatho mmene ankayesera tsamba ngati lauma. Ndinati basi, chitonzo chija chabwera, choti manja anga ndi a khanda.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikumangira anthu osawadziwa nyumba ngati izi," anatero. "Iwe usabwerere kumunda kuja. Wamva?"

Ndinangogwedeza mutu. Pobwerera ananyoza tiyi wa m'kapu yapepala njira yonse.

Anamwalira patangotha chaka. Ndimawasowa kwambiri, ndi kulalata kwawo komwe. Ndikapita m'tauni ndi ana anga timadutsa msewu womwe uja, ndipo amandiseka m'Chingerezi chawo chothamanga chija kuti dazi linyowa. Aziseka. Chipewa ndimavula.