Chigongono cha Malemu pa Foni

Ine si kalipentala. Msomali ndikangougwira umapindika wokha. Ntchito yanga pa gulu lathu la amisiri a matabwa ku Kalingalinga ndi ya pakamwa: anzanga amakhoma mabedi kuseri, ine ndimaima m'mbali mwa msewu kutsutsana ndi wogula mpaka mmodzi wa ife atatopa, ndipo kawirikawiri woyamba kutopa sindine. Choncho anthu a bungwe lina atatipangira webusaiti, nkutiphunzitsa masiku awiri, nkutisiyira laputopu yakale, gulu lonse linaloza ine. Ati munthu wotha kugulitsa mpando wa miyendo yosalingana sangalephere kukamba ndi kompyuta. Ndinavomera chifukwa pa maphunziro paja pankaperekedwa nkhuku masana.

Chinthucho chimagwira ntchito motere. Ukaika chithunzi chimodzi, chimachidula chokha m'masaizi atatu: chotambalala cha pa kompyuta, chapakati, ndi kabokosi kolingana mbali zonse ka pa foni. Sichifunsa munthu. Chimasunga za pakati, za m'mbali nkutaya ngati zidutswa za thabwa. Mwezi woyamba mawadiropu athu onse analibe mitu ndi miyendo. Mayi wina anachoka ku Chawama kudzagula “katebulo kaja ka pa foni,” pamene kanali chidutswa cha pakati cha bedi. Ndinayesa kumugulitsa bedi lonse, ananditukwana mpaka anakwera minibasi. Pambuyo pake ndinatulukira kadontho kofiira. Ukakakoka nkukaika pamene ufuna, makina amadula mozungulira pamenepo. Koma kadonthoko ndi kamodzi pa chithunzi chilichonse. Ndinachonderera, sanandipatse kachiwiri ka mbasela.

Pa tsamba loyamba tinaika chithunzi cha gulu lonse. Kwathu kujambulitsa kuli ndi mwambo wake ngakhale sunalembedwe. A komiti amavala majekete nkukhala pa mipando pakati, ba cheyamani pakatikati penipeni. Ena onse amaima malinga ndi ukhondo wa malaya, ndipo a utuchi m'tsitsi amakankhidwira kumapeto. Tsiku limenelo womaliza kufika anali mdala wathu, amene anaphunzitsa theka la gululo kugwira sowo. Tinamuitana kanayi, iye ati guluu sadikira chithunzi. Anadzaima kumapeto kwenikweni kumanzere, pensulo ili kukhutu. Ine ndinaima kumanja pafupi ndi a komiti, nditabwereka tayi.

Mdalayo anamwalira nyengo yozizira. Patapita milungu ingapo, mkazi wake anabwera kuchokera ku komboni ya George, minibasi ziwiri, foni ataimanga pa mfundo ya chitenje. Anandipeza ndikukangana ndi munthu pa mtengo wa kabati, nadikira mpaka wogulayo atapita.

“Mwana wanga, bamudala banga munabachosa chifukwa chani?”

“Kubachosa kuti, amai?”

Anamasula foni nandionetsa. Ba cheyamani anali phwii pakati, a komiti m'mbali mwawo, ndipo m'mphepete kumanzere munkaoneka chigongono chokha. Ndinachidziwa chifukwa cha chigamba. Mwana wawo wamkazi wa ku Kitwe anali atauza apongozi ake kuti atate ake ali pa intaneti, onse nkusonkhana pa foni, nkupeza chigongono. Tsopano ku George anthu ankanong'ona kuti gulu linawachotsa asanamwalire, kuti mwina anasowetsa zida.

Ndinafotokoza kuti ndi makina, kuti pa kompyuta akuoneka athunthu.

“Ku George nindani ali na kompyuta?”

Ndinati ndiwatumizira chithunzi chonse pa foni yawo, asunge.

“Sinifuna cha mu thumba. Nifuna baoneke pamene banzao baonekela. Zaka zonse zija bamadya utuchi pano.”

Ndinawauza kuti abwere Lachisanu. Pa malonda ndikati Lachisanu ndimatanthauza kuti musabwerenso, koma iwo anandiyang'ana mwa mtundu woti ndinadziwa kuti Lachisanu lake ndi lenileni.

Masiku atatu ndinatsutsana ndi makina, ndipo sindinaonepo wamalonda wouma mtima chotero. Ndinalowa kumene amasinthira masaizi, ndinauza foni kuti isadule, ionetse chithunzi chonse. Inavomera, koma anthu makumi awiri ndi mphambu anasanduka nyemba pa mzere, osadziwika mdala ndani cheyamani ndani. Ndiponso lamulolo linagwira zithunzi zonse za malonda, mawadiropu nkuonda ngati machesi. Ndinabweza. Ndinayesa kukweza manambala a saizi kuti nkhope zioneke, tsamba linayamba kutseguka ngati likukankhidwa pa wilibala, ndipo mnzathu wa masofa anabwera kudzadandaula kuti ndamudyera mabandulo a intaneti. Pakati pa zonsezi malaiti ankapita m'mawa, batire ya laputopu nkukhala mphindi zochepa chabe, ine nkuinyamula kupita nayo kwa wometa amene ali ndi jenereta, kukagwira ntchito tsitsi la eni ake likugwera pa mabatani.

Chinatsala ndi kadontho. Ndikakakokera kumanzere, mdala ankalowa yense. Koma kabokosi sikakula. Mdala akalowa, wina ayenera kutuluka, ndipo wotulukayo anali wa jekete.

Apa ndinasiya makina nkubwerera ku ntchito imene ndimaidziwa. Wogula sumuyamba ndi mtengo weniweni. Ndinakokera kadontho kumapeto kwenikweni, mpaka ba cheyamani anatheratu osatsala ndi batani lomwe, ndipo ndinapita kukawaonetsa.

“Iwe! Nili kuti ine?”

“Ba cheyamani, ni nkhani ya malemu. Amai baja balila. Makina yakamba ati mmodzi chabe.”

“Gulu ilibe mutu? Bweza mwamene chinalili!”

“Ningabweze. Manje Lachisanu muzakamba nabo ndimwe, ine nizapita ku Buseko kuona matabwa.”

Mdala uja ndi amene anawaphunzitsa iwonso, ndipo mayiwo amawadziwa kuyambira ali ndi kabudula wong'ambika. Ndinakoka kadontho pang'ono, phewa lawo linatulukira.

“Onjezela.”

Ndinakoka, linabwera khutu ndi diso limodzi.

“Nioneka monga kawalala osuzumila pa windo. Onjezela futi.”

“Apa nafika pa lasti, ba cheyamani. Nikapitilila, pensulo ya malemu yayenda.”

Tinakokana choncho mpaka tiyi wawo anazizira. Tinagwirizana pamene nkhope yawo inali yonse koma khutu lamanzere ndi theka la jekete zili kunja, ndipo mdala ali yense kuyambira pensulo mpaka nsapato. Kuti mtima wawo ukhale pansi ndinawatsegulira pa laputopu, pamene anali pakati monga kale, nkuwauza kuti mabwana a m'maofesi amaona pa kompyuta, foni ndi yathu ya mu komboni. Anagwedeza mutu mokhutira. Sindinawauze kuti chiyambire sindinakumanepo ndi wogula amene anatipeza pa kompyuta.

Lachisanu mayi aja anafika dzuwa lili pamutu. Ndinawatsegulira pa foni yawo yomwe. Anaiyandikiza kumaso, naitalikitsa, nakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri monga anawaphunzitsira mwana wawo. Anayang'ana nthawi yaitali, ine ndikuyembekeza misozi kapena zikomo.

“Na malaya yamene aya,” anatero. “Ninabaikila yoyela pa mpando.”

Anamanganso foni pa chitenje, nandifunsa ngati ku Kitwe chioneka chimodzimodzi. Ndinati inde, akangotsegulanso tsamba. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nawoloka msewu kukadikira minibasi.

Za mbali ya kumanja ndinaziona mawa lake, msungichuma atabwera ndi foni m'manja, nkhope itakwinyika. Iye, mlembi, ndi onse a kumanja anali atatuluka m'chithunzi. Ndinamuuza kuti akakambe ndi ba cheyamani, poti ndiwo anavomereza mtengo. Madzulo mkazi wanga naye anafunsa kuti nanga ine ndili pati, popeza anauza anzake a ku tchalitchi kuti mwamuna wake ndiye amayendetsa webusaiti. Ndinayang'anitsitsa. Malemu anali atatsalako chigongono, ine ndi nsonga ya tayi yomwe panalibe. Kadontho ndinakasiya pomwepo, ndipo pasiwedi ndayesa kuipereka kwa anthu atatu, onse akukana.