Kadzidzi wa Amayi Tikhala pa Tsamba 14

Amayi Tikhala Goliati a kwathu kuno ku Kadewere anali munthu woti kumaliro sungamupeze atakhala pamphasa. Kwa zaka zoposa makumi awiri, mphika wa ndiwo pamaliro alionse a m'mudzi muno unali wawo, ndipo palibe ankatsutsa chifukwa mchere ankauyesa ndi maso osaphonya. Ine ndimayandikana nawo nyumba, timangosiyana ndi mzere wa nandolo, choncho zimene ndikunenazi si zongomva.

Anakwatiwa ali mtsikana koma Mulungu sanawapatse mwana, ndipo amuna awo anamwalira chaka cha njala ija ya 2002. Mwana amene analera ndi Jonathan, wa akulu awo, amene anasiyidwa akuyamwa mayi ake omubereka atamwalira. Anamukulitsa ndi ganyu wosesa makola a nkhuku ku Mikolongwe, kenako ndi zigumu zimene ankagulitsa pageti la sukulu nthawi ya buleki. Mwanayo anali ndi dzanja lojambula. Ankajambula ndi khala pakhoma, mayi ake n'kuzira, mawa lake n'kupeza wajambulanso. Atakula anapeza ntchito ku Blantyre, kubungwe lina lokonza mabuku a ana, ndipo ife pamjigo tinatopa nako kumva za Jonathan.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli kanyumba kakale ka zidina kosungiramo chimanga. Pamwamba pa khoma lake panagwa chidina chimodzi, ndipo m'bowo limenelo munalowa kadzidzi. Wina akanathamangira chikuni cha moto, poti kuno kadzidzi akangotera padenga anthu amayamba kuwerenga odwala. Koma amayiwa anaona kuti makoswe amene ankawaboolera matumba atha psiti. Pansi pa bowolo ankapeza timibulu taubweya, ndipo akatiphwanya ndi kamtengo munkatuluka timafupa ndi mano a makoswe. "Uyu ndi mphaka wanga wosapempha chakudya," anandiuza choncho tsiku limene ndinawapezerera akusesa timibuluto kuti akataye kuchimbudzi. Anandilumbiritsa, ndipo kwa zaka zinayi nkhaniyi tinkaidziwa awiri.

Nthawi yokolola chaka chatha Jonathan anabwera ndi chikwama cha mapepala. Anati akukonza buku lophunzitsa ana mmene mbalame zimamangira zisa. Tsiku lonse ankayenda, kujambula zisa za atchete pansungwi za kudambo, za anamzeze zomata ndi matope pakhonde la tchalitchi, ndi chimulu cha zinyalala chimene nantchengwa amachitcha nyumba. Mayi ake, pofuna kuti ntchito ya mwana wawo ipose ya anzake, anamutengera kukanyumba kaja n'kumuikira makwerero. M'bowomo anapeza ana anayi aubweya woyera mbee, osiyana misinkhu, chifukwa mazira a kadzidzi saswa tsiku limodzi. Jonathan anatsika msangamsanga.

"Amayi, ichi ndiye chimasowa m'buku langa!"

"Jambula mbalameyo, mwanawe, koma ine ndi khomo langa usatiikemo," anatero amayi Tikhala. "Anthu akuno ukuwadziwa. Ine wamasiye, wosabereka, imvi mbuu. Akangomva, ndatha ine."

"Aa, amayi, ine ndingakuchiteni zimenezo? Mbalame yokha basi. Pali mayi anga kumanda."

Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu angawa, ndili pomwepo kutonola chimanga.

Mabukuwo anafika pasukulu mu Januwale, makatoni awiri. Ndisaname, buku ndi lokongola, tchete wake mpaka umafuna kumugwira. Tsiku limenelo pa buleki ana anathamangira kwa amayi Tikhala monga mwa masiku onse, koma m'malo mogula anangowazinga n'kumakuwa kuti, "Ndi omwewa! Ndi omwewa!" Aphunzitsi a sitandade 3, a Overtone, anabwera akumwetulira buku lili chitsegulire, kudzawayamikira kuti atchuka. Pa tsamba 14 panali kanyumba ka zidina, pambali pake mtengo wa papaya wa mitu iwiri umene aliyense kuno amaudziwa, ndi mayi atasenza beseni la zigumu, chipsera chawo cha pachibwano chili pomwepo. Pansi pake panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti: "Amayi Tikhala a ku Chiradzulu amakhala ndi akadzidzi pakhomo pawo. Sawaopa. Akadzidzi ndi anzawo."

Mukudziwa mmene ana amawerengera m'kalasi, aphunzitsi atchula, iwo abwereza mokuwa. Pofika madzulo mawu aja anali atalowa m'nyumba iliyonse. Zoti kadzidzi amadya makoswe zinalembedwa patsamba lotsatira, koma ndani anafika kumeneko? Mawa lake beseni la zigumu linabwerera lodzaza, mkuja wake chimodzimodzi.

Sabata yotsatira kunagwa maliro a bambo Lameck, nkhalamba imene inadwala zaka ziwiri aliyense akuona. Amayi Tikhala anapita ndi mthiko wawo monga kale. Amayi Dorothy, amene amagawa ntchito kwa azimayi ophika, anawalandira mthikowo mwaulemu kwambiri n'kunena kuti, "Lero pumulani, amayi, mwakula. Khalani pamphasa apo." Atakhala, amene anali pamphasapo anayamba kusuntha mmodzimmodzi ngati pali linthumbu. Ine ndinaona zonsezi ndili kumoto, ndipo sindinapite kukakhala nawo. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Tsiku lomwelo amayi Tikhala anaimbira Jonathan. Foni yawo amaikweza mawu chifukwa khutu limodzi linagontha, ndiye ndinamva zonse.

"Amayi, mabwana kuofesi anati ana amakonda nkhani ikakhala ndi munthu weniweni. Ine ndimafuna kukulemekezani. Komanso zikhulupiriro zimenezi ziyenera kutha, wina ayenera kuyamba."

"Ndiye woyambayo unasankha ine? Iwe uli ku Blantyre, ine ndili kuno. Unalumbira pa mayi ako, Jonathan."

Anati abwera Loweruka kudzafotokozera anthu. Loweruka limenelo kunabwera wa kabaza ndi envulopu, m'katimo muli buku limodzi latsopano, patsamba loyamba atalembapo ndi bolopeni kuti "Kwa amayi anga olimba mtima." Ine ndinapsa mtima mpaka kulephera kudya. Kulimba mtima kwake kotani kochitira pa khosi la munthu amene anakutafunira chakudya? Akadzidzi ankawasunga ndi iwo, koma amene anatamandidwa kuofesi ndi iye. Amayi Tikhala sanalire. Anangoti, "Chifundo chinapha nkhwali," n'kulowetsa bukulo m'nyumba.

Mu Malichi miyala inayamba kugwa padenga lawo masanasana, woponya osaoneka. Ndipo tsiku lina dzuwa lili paliwombo, nthawi imene anthu amachokera kumunda, amayiwa anakanda dothi pabwalo, n'kuimika makwerero poti aliyense wodutsa aone. Anagogoda khoma ndi ndodo mpaka kadzidzi wamkazi anatuluka, akuuluka mokhotakhota chifukwa cha kuwala. Amayiwa anatulutsa mazira asanu, akadali ofunda, n'kuwaika m'mbale imene ine ndinawagwirira. Kenako anatulutsa buku lija m'chitenje, analipinda pakati, n'kulikankhira m'bowomo. Linakwana bwinobwino. Anamata dothi pamwamba pake n'kusalaza ndi chikhatho, monga ankazirira zojambula za Jonathan ali mwana.

Iwo ankaganiza kuti anthu akaona, nkhani itha. Koma amene anaima kumsewu anangogwedezerana mitu, ndipo wina anati, "Mwaona? Wadziwa kuti tamugwira." Makoswe anabwerera mwezi usanathe. Zigumu anasiya. Jonathan amaimba, foni imalira pawindo mpaka kutopa yokha. Kusukulu bukulo akuliwerengabe, ndipo mphepo ikawombera kuno timamva ana akubwereza tsamba 14.

Mwezi watha kunagwanso maliro ena. Amayi Tikhala anapita opanda mthiko, atanyamula kamphasa kawokawo, n'kukakhala kumapeto pansi pa mtengo wa mango. Ulendo uno ndinasiya moto n'kupita kukakhala pambali pawo, phewa kukhudza phewa. Ananditsina pang'ono pantchafu.

"Sunthani, amake Fiona," anatero motsitsa mawu. "Inu muli ndi ana. Angakujambuleni nanunso."