Galimoto Yopanda Denga

Dzulo ku Croydon, ndikudikira basi, kunadutsa kagalimoto kakale kampikisano: mipando iwiri, masipoko ngati a njinga, kopanda denga. Fungo la petulo linandibwezera ku famu ya ku Zimbabwe komwe ndinakulira.

Mwini famu anali nako kotere. Ine galimoto yanga yamawaya inkagubuduka pokhota, ndipo msuweni wanga Yohane ankandidyera nzimbe zomwe tinkabetcherana.

"Achimwene, kaja kamathamanga chifukwa kalibe denga!" ndinauza mkulu wanga.

"Ndiye ukudikira chiyani? Dula!"

Tinadula denga la galimoto yanga ija. Pampikisano wotsatira inazungulira mtengo wamango osagwa, Yohane atatsalira m'fumbi. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, nzimbe ili m'manja!

Lero ndikudziwa kuti denga silinkaichedwetsa, linkangoilemetsa kumwamba. Koma nzimbe ija, Yohane, sindibweza.