Wometa Amene Sagwira Lezala

Tsiku limene Chitsulo anagwa, thumba la simenti linali lidakali paphewa. Anzake onyamula katundu anaona chotupa cha m'khosi mwake chikufufuma iwo akuyang'ana. Wina anati achithowe ndi madzi otentha, wina anati achiboole. Mwayi wake, dalaivala wa lole anawakankha onse n'kuthamangira naye kuchipatala.

Inu amene mukuti zanu zavuta, tamvani izi.

Chitsulo anabadwa ndi matenda akumtundu, a tizotupa tomera m'minyewa thupi lonse. Bambo ake anali nawo, ndipo anamwalira magazi atatayikira m'kati. Adokotala atamupulumutsa anamuuza kuti matendawa amufooketsera mitsempha ya magazi, ndipo umodzi ndi umene unaphulika.

"Dzina ndi Chitsulo, koma mitsempha yanu ndi pepala lonyowa. Mukasenzanso thumba, mwana wanu akula wamasiye."

Mwanayo anali atangoyamba sukulu, mayi ake anamwalira kale. Nanga azidya chiyani?

Chitsulo anakumbukira vuto lake la kalekale: kumeta. Ometa ankamukana, poti lezala ikakhudza kachotupa magazi saleka msanga. Iye anazolowera kudzimeta yekha ndi sizasi pagalasi losweka. Basi anatulutsa mpando pakhonde kuti azimeta anthu.

Anthu ankalambalala. Ena ankati manja akewo apatsira ana. Mlamu wake ankamuseka kuti akumeta mphepo. Iye m'mawa uliwonse ankasesa, kuwiritsa sizasi ndi chipeso, n'kumauza wofunsa aliyense kuti matendawa sapatsirana pogwirana.

Woyamba kukhala pampandopo anali mphunzitsi wina amene sankavula chipewa, kaya kutenthe bwanji. Atachivula, mutu unali ngati wa Chitsulo.

"Achimwene, ometa enawa anandivulaza kokwanira," anatero mphunzitsiyo.

"Khalani. Kuno zimayamba ndi zala kufufuza, sizasi imabwera pambuyo."

Magazi sanatuluke ndi dontho lomwe. Mphunzitsiyo anapita kuntchito chipewa chili m'manja, ndipo mbiri inawanda. Amayife tinayamba kupita ndi ana oopa mashini ometera. Wanga, amene amakuwa ngati akumupha, pamenepo amachita kugona tulo.

Lero mlamu uja amadikira pamzere ngati wina aliyense. Mwana wa Chitsulo uja ali kusekondale. Chitsulo sanachire ayi. Amapitabe kukapimidwa, ndipo chidebe cha madzi amatunga chosadzaza.

Tsono abale anga, chotupa chikakula mwadzidzidzi musachithowe, thamangirani kuchipatala. Ndipo phewa likakukanani ntchito, mtima wokha musautaye. Zala mudakali nazo.